Kansanza pa Thunthu la Gogomole

Fungo la masuku ophwanyika pa dothi lonyowa limandibwezera ku Mlangeni, m'mawa umene tinadzuka n'kupeza nkhalango ya kuseri kwa mudzi wathu itagona pansi. Chimphepo chinabwera ndi mvula yoyamba, chinasasula madenga n'kuzula miombo ndi misuku ngati munthu akuzula chinangwa. Ndinali kamtsikana ka zaka khumi, kamakani koopsa, ndipo chimene chinandiwawa ine si denga la khitchini yathu ayi. Zinali mbalame. Njiwa zimene zinkatidzutsa zinali zii. Zisa zinali mbwee pansi, timazira titasweka, nyerere zitayamba kale phwando.

Kwathu mtengo ukagwa kapena kuthyoka, amene wayamba kumangapo kansanza kapena mfundo ya udzu ndiye mwini wake, ndipo wina saukhudza. Choncho m'mawa umenewo azimayi anali yakaliyakali m'nkhalangomo, aliyense ndi tinsanza take. Koma mitengo yambiri inali yaiwisi, yongofuka utsi n'kukuliza misozi. Aliyense ankasaka wouma, pakuti nkhuni zouma nthawi ya dzinja zimasowa kwabasi.

Ine ndinaupeza. Unali mombo wouma kalekale umene mphepo inaudula pakati, thunthu lokha litatsala chilili kuseri kwa chulu. Nditayandikira ndinamva timawu tikulira m'kati mwake. Pamwamba panali kabowo kozungulira bwino, ndipo posakhalitsa gogomole, mbalame ija yogogoda mitengo, anatera pomwepo ndi mphutsi kukamwa. Abale inu, kamutu kake kufiira! Ndinathamangira kunyumba, n'kung'amba m'mphepete mwa chitenje chakale cha amayi, cha maluwa achikasu chimene mudzi wonse unkachidziwa, n'kukamanga pathunthupo. Ndinabwerera ndikudzitama kuti nkhwangwa sifikanso pamenepo. Nzeru zanga zinathera pomwepo. Sindinaganize kuti mwini chitenje nayenso ali ndi nkhwangwa.

Mawa lake a Najere, oyandikana nafe nyumba, anafika pakhomo. "Anzathu muli ndi mwayi," anatero kwa amayi. "Mwana wanu wakupezerani mtengo wouma gwa, ife tikungouyang'ana ndi maso."

Amayi anandiyang'ana monyadira, ndipo zimenezo sizinkachitika tsiku lililonse. Ananola nkhwangwa n'kundiuza kuti nditsogole. Ndinayenda ngati wopita kukabayitsa jakisoni. Titafika analavulira m'manja, n'kuponda bwino, ndipo ine ndinangolikumbatira thunthulo n'kuyamba kulira mokuwa.

"Amayi, musadule! Muli ana m'menemo!"

"Ana a ndani?"

Anandikankhira pambali n'kugunditsa khutu pakhungwa. Anamvetsera nthawi yaitali. Kenako anaseka mpaka kukhala pansi pachulu paja, akupukuta misozi. "Ndiye wanding'ambira chitenje kuti ndikhale mlonda wa mbalame? Iwe mwana iwe!" Anadzuka, namangitsa mfundo ya kansanza kaja kuti kasagwe. "Akauluka undiuze, ndidzadule."

Dzinja limenelo ndinalikonda kuposa ena onse. Nkhalango imene ndinkayesa kuti yafa inayamba kudzuka. Zitsa zinatulutsa mphukira za masamba ofiira, ofewa, onyezimira ndi mame. Pamene kale panali mthunzi panamera udzu wofika m'khosi, ziyangoyango zinakwera pa mitengo yogwa, ndipo fungo la bowa linali paliponse. Njiwa zinabwerera zochepa, pakuti mitengo yaitali yoteramo inali itatha. Koma m'zitsamba zatsopanozo munadzaza alendo: apumbwa olongolola, atimba, mpheta zosawerengeka, ndi nkhwali imene inkandidzidzimutsa pouluka pafupi ndi mapazi anga. Agogomole ndiye anali pa ukwati, chifukwa mitengo yowola inali yodzaza mphutsi. Ndikaweruka kusukulu ndinkangoponya mabuku pakhonde, ulendo wa kuchulu.

Ana aja anauluka Khirisimasi isanafike. Anali awiri, ndipo ndinawaona ndi maso angawa akutuluka pakabowo, wachiwiriyo atazengereza theka la tsiku. Ndinavina ndekha m'tchire ngati wopenga. Koma amayi sindinawauze. Agogomolewo ankabwerabe kudzagona m'bowomo, ndipo ine sindikanatha kuwagwetsera nyumba.

Nthawi ndi nthawi amayi ankafunsa, akupeta kapena kutsuka mbale, "Ana ako aja sanaulukebe?"

"Ayi, akadali aang'ono."

Chimanga chinamasula ngaiyaye, chinakhwima, tinayamba kudya mondokwa, ana anga akadali aang'ono. Tsiku lina amayi anapukusa mutu n'kunena kuti, "Koma ana amenewo akudikira mayeso a Sitandade 8 eti?" A Najere anaseka mpaka kutsokomola, ine osamva n'komwe chimene chinawaseketsa. Mumtima ndinkangoti ndawapusitsa.

Thunthu lija linadzagwa lokha patapita zaka, chiswe chitalimaliza, kansanza katayera ndi dzuwa. Pamalopo lero pali miombo yaitali kuposa nyumba, ndipo njiwa zinabwerera. Nthawi imeneyo ndinkakhulupirira kuti mbalame zija zinapulumuka ndi kuchenjera kwanga. Ndinayamba kumvetsa nditakula, nditasenza ndekha mtolo wa nkhuni mvula ili pamsana. Dzinja lonse lija amayi ankatola nkhuni kuphiri, mtunda wothyola khosi, ndipo pobwera ankandipempha kuti ndiwasisite m'mapewa. Njira ya kuphiriko inkadutsa pachulu pomwe paja. Ankafika pa mtengo wouma wokhala ndi chitenje chawo, nkhwangwa ili paphewa, n'kuupitirira.