Ndikumva, Anesi

Ndinanyamuka kwathu kwa Simlemba mame asanaume, Tadala ali kumbuyo. Ndinkapita ku Boma kukaikitsa njira yolerera ya pamkono. Mwanayu sanayambe n'kuyenda komwe, ndiye ine ndi bambo ake tinagwirizana kuti wina ayambe wadikira. Koma inali nyengo yosankha fodya, ndipo apongozi anandimasula tsiku limodzi lokha. Kubwerako osaikitsa, ndikanadikira mpaka fodya atagulitsidwa.

Chimene ndinkaopa ndi ululu. Ine ngakhale jekeseni wamba amandinjenjemeretsa.

Wakabaza anandilipiritsa K2,000 mpaka pamsewu waukulu wafumbi. Pamchenga paliponse ankanditsitsa kuti ndiyende pansi, iye akukankha njinga, koma mtengo sunatsike. Ndinamuthokoza.

Dzuwa litakwera ndinapeza matola a K5,000, ndipo ndinakhala pa belo la fodya. Mayi wina wonyamula nkhuku anandifunsa kumene ndinkapita. Sindidziwa kuzemba funso la munthu wamkulu, ndiye ndinanong'ona. Iwo anabwereza mokweza, ndipo galimoto yonse inayamba kukambirana za mkono wanga.

"Amang'amba ndi lezala," anatero mtsikana wina.

"Bodza, amaboola ndi singano ngati yosokera mabelo," anatsutsa wina.

"Angomwa kachasu pang'ono," anatero abambo ena amene palibe anawafunsa.

Mayi ankhuku aja anandigwira bondo. "Mwanawe, utsinzine, nkhope uloze kukhoma. Ululu umalowera m'maso."

Onsewa ndinawayankha kuti zikomo, ngakhale anali atandikwiyitsa.

Pa Boma tinafika masana. Kuchipatala mzere unali wautali, ndipo ndinalowa dzuwa litapendeka, Tadala nditamusiya ndi mayi amene ndinakhala naye pabenchi. Anesi anali aafupi, olankhula mwachangu. Anafotokoza kuti ayamba abaya mankhwala ochititsa dzanzi, amene amaluma pang'ono ngati linthumbu, ndipo akagwira ntchito sindimvanso kuwawa. Ndinagona pabedi, ndinatambasula mkono wamanzere, ndinatsinzina, nkhope kukhoma. Linthumbu lija linalumadi, basi.

Patapita kanthawi anafunsa, "Mukumva?"

Kusukulu kwathu funso limeneli linali ndi yankho limodzi. "Ndikumva, anesi."

"Chabwino, tidikire."

Tinadikira. Anafunsanso, ine ndinayankha chimodzimodzi, mwaulemu kuposa poyamba. Anati awonjezera mankhwala pang'ono. Panja wina anagogoda n'kufunsa ngati tagona m'menemo.

"Nanga pano, mukumva?"

"Ndikumva bwinobwino."

Anesi anapumira m'mwamba. "Mayi, ine sindiika munthu akumva kuwawa. Dzanzi likukana. Mudzabwerenso tsiku lina."

Misozi inayamba yokha. Ndinaganiza za apongozi, za mabelo, za mimba ina Tadala akukwawa. "Chonde anesi, ingoikani. Ndipirira."

"Zopirirazo ayi. Kodi mukumva pati kwenikweni?"

"Pati bwanji?"

Ndinatsegula maso. Anali atanditsina khungu ndi kachitsulo, mwina kuyambira kalekale. Ndinkaona khungulo litatukuka, koma linali ngati la munthu wina.

"Ndimayesa mukufunsa ngati ndikumva zimene mukunena."

Anesi anandiyang'ana osaphethira. Kenako anabisa nkhope m'phewa lawo, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. "Ndiye mankhwala anga onse aja ndimathirira makutu?"

Kuika kwenikweniko kunali kwachangu kuposa kumanga mtolo umodzi wa fodya. Ndinangomva ngati wina akundikankha ndi chala. Anamanga bandeji, n'kundiuza kuti ndisanyowetse pabalapo ndipo ndisanyamule zolemera kwa masiku angapo.

"Mwa..." anayamba, n'kudzigwira. "Tabwerezani zimene ndanena." Ndinabwereza.

Ndinatenga Tadala n'kuthamangira kudepoti, kumene ndinapeza matola omaliza atadzaza kale, koma ndinakwerabe. Njira yonse ndinkadzikwiyira. Ndinaopa ululu kwa sabata yathunthu, koma chimene chikanandibweza chimanjamanja ndi pakamwa panga povomera zilizonse. Kwa amene mudzapite: dzanzi lija limagwiradi ntchito, koma anesi sangadziwe za thupi lanu ngati simuwauza zoona, ndipo funso likakusokonezani muzifunsa.

Titadutsa minda yoyamba, kondakitala anakweza thumba la chimanga n'kulitsamiritsa pa mkono wanga wabandeji.

"Asisi, mwakhala bwino, eti?"

Pakamwa panga panali patakonzeka kale kuvomera. Koma ndinadzigwira.

"Ayi, achimwene. Chotsani thumbali."

Anandiyang'ana modabwa, kenako analichotsa.