Anansi Athu Ofulula Mowa Ayamba Kukwera Phiri

Anansi athu ofulula mowa ndi mayi onenepa kuposa aliyense m'mudzi muno. Zaka zambiri akhala akudandaula maondo, koma tikawanena amangoseka: "Ndikaleka kulawa, mowa ukoma bwanji?"

Mwezi watha mwana wawo wamkazi, amene ali kuchitengwa kuseri kwa phiri, anavutika pobereka. Mayiwo ananyamuka m'mamawa, koma mpweya unawathera pakati pa chitunda. Amuna anayi anachita kuwanyamula pamachila ngati mzungu wa ku Boma, ndipo anafika mdzukulu atabadwa kale. Mayiwo analira ndi manyazi.

Atabwerako anandipeza ndikusinja, nati: "Anzanga, chikho ndasiya. Muzindiperekeza kuphiri m'mawa uliwonse. Ndikakhala pansi muzindikalipira."

Lero anakhala pansi kawiri. Ndisanatsegule pakamwa, anali atadzuka okha.