Anazula Mitengo, Anasiya Minga

Kuseri kwa mpanda wanga kuli kamtsinje kamene anthu a mumsewu mwathu amangoti ngalande. Amene amakatchula kuti mtsinje ndi munthu mmodzi yekha, bambo amene tonse timati a Mamita, chifukwa kwa zaka makumi atatu ankayenda khomo ndi khomo kuwerenga mamita a madzi. Paipi iliyonse yotayira zonyansa m'kamtsinjeko amaidziwa, ndi mwini wake yemwe, n'chifukwa chake ena sawapatsa moni.

Atapuma pa ntchito anayamba kutola njere za mkuyu ndi katope n'kumazifesa m'mapaketi a mkaka. Malemu amuna anga ankawaseka kuti achimwene, mthunzi wa mitengo imeneyi udzakupezani muli kumanda. Iwo ankangoyankha kuti si yawo, ndi ya mbalame.

Amuna anga atamwalira ndinkakhalitsa pawindo la kukhitchini, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawaona a Mamita atavala majombo, akutsetsereka ndi chidebe. Patatha zaka zinayi bango linabwerera. Atchete anamanga zisa, nkhanu zinayamba kuoneka pansi pa miyala, ndipo tsiku lina ng'azi inatuluka kudzawothera dzuwa pa paipi yaikulu.

Ng'aziyo ndi imene inaputa tsoka. Amayi apampando a komiti ya mumsewu ataiona analengeza kuti thengo limenelo likusunga njoka ndi akuba, choncho Loweruka aliyense abwere ndi chikwanje. Sabata imeneyo a Mamita anali m'chipatala, akuwachotsa ng'ala m'diso.

Ndinaonera pawindo. Anthu anatchetcha bango lonse, zisa ndi mazira omwe. Timitengo ta a Mamita tofika m'chiuno anatizula, ati ndi tchire. Koma chitsamba china chaminga, cha maluwa achikasu ndi ofiira, chimene chinachokera m'mipanda ya anthu n'kumatsamwitsa zomera zonse, chomwe a Mamita akhala akulimbana nacho zaka zonsezi, anachisiya. Anachiunjikira ndi dothi patsinde, ati n'chokongola. Kenako anajambulitsa patsogolo pake atakweza makasu m'mwamba. Ine ndinali nditagwira chitseko, mawu ali pakhosi, koma sindinatuluke. Mpaka lero chimenecho ndiye chimandiwawa kwambiri.

Atabalalika ndinapita pamulu wa zinyalala n'kufukula timitengo tomwe mizu yake inali isanaume. Ndinatiika m'beseni lochapira, kubafa.

Lolemba a Mamita anabwera diso limodzi lili lomata. Anaima m'mbali mwa madzi nthawi yaitali. Amayi apampando anawapeza pomwepo n'kuwauza mosangalala kuti tsopano pakupita mphepo, ndipo asadandaule, komiti idzawagulira maluwa.  A Mamita anangotola chisa chimodzi, n'kuchiyang'ana, n'kuchibwezera pansi.

Amayiwo atachoka ndinawaitana pampanda, ine amene chimwalirire amuna anga sindinayambepo ndine kulankhula ndi munthu.

"Alamu, tabwerani mudzaone."

Anagwada pabeseni paja n'kumakhudza masamba limodzilimodzi. Anati mitengo ina yafa, koma katope akhoza kugwira.

"Nanga tikabzala kuti, alamu? Adzazulanso."

"Pomwe paja," ndinatero. "Ulendo uno ndidzatuluka."

Anandiyang'ana ndi diso lawo limodzilo, kenako anandifunsa ngati majombo a malemu akadalipo.