Peyala wa Kuseri kwa Nyumba ya Vailet

Vailet ali ndi nyumba ku Luchenza imene sanagonemo ngakhale tsiku limodzi. Ndi ya njerwa zootcha, malata ake obiriwira, khonde lake loyang'ana kumene phiri la Mulanje limaonekera kukacha bwino. Mwini wakeyo amakhala ku Joni, m'kachipinda ka kuseri kwa mabwana ake, kumene amachapa, kusita ndi kulera ana a eni. Nyumba yakeyo amangoionera pa foni, fungo lake salidziwa.

Anabadwira kukomboni ya esiteti ina ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba za mdadada zija, zimene mnzako akatsokomola kuseri kwa khoma iwe umati pepani. Bambo ake ankathyola tiyi, dengu kumsana, kaya kuli chiperoni kaya dzuwa. Atakalamba n'kupuma ntchito, kapitawo anabwera kudzatenga kiyi, banja lonse n'kukweza miphika ndi mphasa pa thirakitala. Vailet anali kamtsikana ka ku pulayimale, ndipo tsiku limenelo analumbira chamumtima kuti akadzamanga yake, kiyi wake sadzapatsa munthu.

Koma malumbiro a paubwana umphawi suwamva. Nyumba itatha, amalume ake, a Bizwick, amene ankayang'anira amisiri, anamuuza kuti nyumba yopanda anthu imatha ndi chiswe ndi akuba. Kiyi uja anaperekedwa ndithu, kwa Crispin, dalaivala wa lole ya kufakitale ya tiyi, ndi mkazi wake Lestina. Vailet n'kukhala landilodi wa pa foni.

Ulandilodi umenewu ndi woseketsa, inu. Lamlungu akachokera ku tchalitchi ankaimba ya vidiyo kuti ayendere nyumba yake. A Bizwick, amene foni amaigwira ngati khasu, ankamuonetsa mphuno zawo, kenako mitambo, kenako nkhuku za aneba. Pamapeto pake Lestina ndi amene anayamba kumuyendetsa chipinda ndi chipinda. Vailet ankayamba mwaulandilodi ndithu, kufunsa za mpopi ndi za ming'alu, koma posakhalitsa mafunso ankapatuka. Dzuwa la m'mawa limalowera zenera liti? Nanga mvula ikamagwa, malatawo amalira bwanji? Tsiku lina mvula inagwadi ali pa foni, Lestina n'kungoikweza m'mwamba. Vailet anamvetsera denga lake likulira, naye n'kulira, chifukwa anakusowa kwawo koopsa.

Lamulo la panyumbapo linali limodzi, ndipo analiika ndi a Bizwick: chimanga bzalani, mpiru bzalani, koma mtengo ayi. Kuno kumene tiyi anatenga malo onse abwino, anthu n'kutsala akukanganirana timizere towerengeka, mtengo ndi mboni. Wobzala mtengo lero, mawa amaloza mtengo womwewo n'kunena kuti malo ndi ake.

Lestina anabereka mwana wamkazi, n'kumutcha Leah. Patapita miyezi ingapo, a Bizwick, amene chibadwire amangofulasha, anaimba okha ndi mayunitsi awo.

"Iwe Vailet, matenanti ako aja ayamba. Kuseri kwa nyumba kwamera peyala, wothiriridwa bwinobwino. Lero ndi peyala, mawa adzati agogo awo anagona pompano. Ndikazule?"

Vailet anapsa mtima, koma pansi pa mkwiyowo panali mantha. Zaka zonse zija akukolopa nyumba za ena, ndiye yake imuchoke m'manja asanaikemo ndi mutu womwe? Anawauza amalumewo kuti adikire kaye, n'kuimbira Lestina.

"Mayi a Leah, za mitengo tinagwirizana chiyani?"

Lestina anayankha, mwana akumveka kulira kumsana. "Pepani amayi, tinalakwa osakuuzani. Mchombo wa mwanayu utagwa, amayi anga anabwera kuchokera ku Goliati kudzaukwirira. Ine ndimati autengere kumudzi, koma anakana, akuti mwana wafikira pano, mchombo wake ukhale pano. Ndiye anaikapo njere ya peyala kuti malowo asaiwalike. Sitikufuna malo anu ayi, amayi. Tikudziwa kuti ife ndi odutsa."

Vailet anadula foni osatsanzika. Sikuti anali atakwiyabe, koma nkhaniyo inamukumbutsa za kwawo.

Kuseri kwa nyumba ya kukomboni kuja kunalinso peyala. Amayi ake ankamulozera akamayanika zovala: "Mchombo wako uli apo, ukadzasochera udzabwerere pamenepo." Vailet anakula akudya mapeyala ake, ena n'kumakagulitsa kusukulu. Ulendo womaliza umene anabwera kumudzi, pa maliro a bambo ake, nyumba ya ku Luchenza ikadali pa maziko, anakwera kabaza kukaona mtengo uja. Anakapeza komboni yonse anaigwetsa, pamalopo pali mizere ya mitengo ya makademiya yofanana yokhayokha. Anayenda uku ndi uku osadziwa pamene angaime, mpaka mlonda wa pamundapo anamufunsa kuti, "Mwataya chiyani, amayi?" Iye anangoti palibe, n'kubwerera pa kabaza. Chiyambire tsiku limenelo, anzake ku Joni akamanena kuti kwawo kwa munthu ndi kumene kuli mchombo wake, Vailet amangosintha nkhani.

Anawaimbira a Bizwick. "Amalume, musazule. Mumangire kampanda kuti mbuzi zisadye."

"Wati bwanji? Joni wakuzunguza mutu iwe. Safunsa anadya phula, udzalira nazo zimenezi."

"Ndalira kale, amalume. Nyumbayo ndi yanga, mtengowo ndi wa mwana."

A Bizwick anang'ung'udza sabata yathunthu, n'kuuza aliyense wa pamsika kuti ana a masiku ano samva. Koma kampanda anamanga, ka nsungwi, kolimba kuposa mmene anawapemphera.

Kwa Lestina, Vailet ananena zochepa. "Tsiku lina mudzasamuka, mtengowo udzatsala. Koma Leah akadzakula n'kubwera kudzaufuna, adzaupeza. Palibe amene adzamufunse kuti wataya chiyani."

Masiku ano Vailet akaimba Lamlungu sayambanso ndi mpopi kapena ming'alu. Amati amuonetse kaye mtengo wa Leah. Mtengowo wafika m'chiuno tsopano, ndipo Leah amauzungulira akuthamangitsa nkhuku, n'kubwera kudzapaka zala zamatope pa foni. Chaka chilichonse Vailet amati Khirisimasi ino ndikubwera, chaka chilichonse china chake chimamugwira mwendo. Peyala amachedwa kubereka, ndipo iye sadziwa chimene chidzayambe, mtengo kubala kapena iye kufika.

Chimodzi chokha ndi chimene akuchidziwa, ndipo akachiganiza amaseka misozi ili m'maso. Tsiku limene adzatsike minibasi pa Luchenza, chikwama kumutu, adzaima pakhonde la nyumba yake yomwe n'kunena kuti odi, ndipo Leah ndi amene adzamuuze kuti lowani.