Kampando ka Injini ya Aphunzitsi

Amuna anga anali okhoma zidebe. Tinkakhala m'mbali mwa msewu wafumbi kufupi ndi ku Madisi, ndipo khonde lathu ndilo linali shopu yawo: chidutswa cha njanji chokhomerapo, hamala ziwiri, tupa, ndi sizasi yaikulu yodulira malata. Ine yanga inali kugwirizira lata iwo akamadula, basi.

Anawatenga nthawi yokolola, dzuwa lili paliwombo. Mlandu wake unali chikwangwani chadzimbiri chimene anatola kudzala n'kudula kuti atsekere kunsi kwa ndowa. Pachikwangwanipo panali chithunzi cha tambala wa chipani, chofufutika kalekale, koma wina anakanena kuti amuna anga adula tambalayo khosi mwadala. Anyamata a chipani anabwera ndi galimoto. Sanandiuze kumene akupita nawo.

Kuyambira pamenepo anthu ankadutsa pakhomo pathu nkhope zili kumbali. Ngakhale kutchalitchi, pa benchi imene ndakhala pankatsala malo uku ndi uku.

Pawindo panatsala ntchito imodzi yosatha. Aphunzitsi a sayansi a kusekondale anali ndi kainjini kamkuwa koyendera nthunzi, kokwana m'manja awiri, kamene anakapeza m'kabati yakale ya sukulu. Anasema bwato la mtengo wa malaina, lotalika ngati mkono, kuti ana a kumapiri kuno, amene sanaonepo sitima yapamadzi, aone mmene moto umayendetsera chinthu. Chimene chinkasowa ndi kachidutswa ka lata kokhazikapo injiniyo m'bwatomo. Amuna anga ankakatchula kuti kampando. Kanayenera kugwira injini kuti isagwedere, ndiponso kutchinga moto wa sipiliti kuti usapsereze mtengo.

Loweruka lina aphunzitsiwo anabwera, osati kudzera kumsewu, koma kuseri, m'mapesi.

"Mayi, pepani ndi zimene zaonekazi. Ndabwera kudzatenga katundu wanga uja."

"Sanathe."

"Ndikudziwa. Ndikapatsa wina. Mundimvetse, ine ndine wa boma. Akandiona pano..."

"Aphunzitsi, ntchito ikalowa pakhomo pano imatuluka itatha. Mubwere Loweruka linalo."

"Nanga apange ndani?"

"Ine."

Anandiyang'ana m'manja, kenaka anayang'ana kumsewu. Ndikhulupirira anachoka chimanjamanja chifukwa choopa kuti kukangana kungawachedwetse pakhomo pa munthu womangidwa.

Lolemba kunabwera alamu anga, akulu awo a amuna anga, atanyamula thumba loti aikemo zipangizo.

"Ndikasunge kwathu. Mkazi sakhoma zitini. Komanso phokoso la hamala pano likukumbutsa anthu zinthu zoti aiwale."

"Aiwale chiyani, alamu? Kuti mng'ono wanu analipo?"

Ndinakhala pa njanji ija osasuntha mpaka anapinda thumba lawo.

Ndinayamba m'mawa mwake, pakhonde pomwepo, poonekera aliyense. Koyamba ndinaononga. Ndinadula lata, n'kupinda m'mphepete, n'kuona kuti ndakhotetsa; pofuna kuwongola, linang'ambika popindapo. Kachiwiri kanapindika bwino, koma mabowo anayi a mabawuti sanalunjike ndi miyendo ya injini. Awiri ankalowa, awiri ankaphonya pang'ono chabe. Ndinakaponya kumunda ndi mkwiyo, chala chikutuluka magazi.

Kachitatu ndinasiya kuyerekeza za amuna anga, ndinachita monga ndimadulira diresi. Ndinayamba ndi pepala. Ndinang'amba chikuto cha kope, n'kudula ndi kupinda mpaka chinakhala bwino m'mimba mwa bwato, mmene munali mopapatiza kutsogolo. Kenaka ndinapaka mwaye wa nyali kunsi kwa miyendo ya injini n'kuidinda papepalapo. Madontho anayi akuda. Ndinagoneka pepala palata, n'kulemba ndi nsonga ya msomali, n'kuboola ndisanapinde. Mbali ziwiri zazitali ndinazipindira pansi kuti kampando katukuke, mpweya uzidutsa kunsi kwake. Kutsogolo ndinapindira m'mwamba timilomo titatu togwira kachitini ka sipiliti.

Ndili mkati mopala m'mphepete ndi tupa, anaima pamsewu amayi apampando a chipani a dera lathu. Tinkapemphera mpingo umodzi, ndipo anali ataphika nawo pa ukwati wanga.

"Anzanga, kodi mwayamba misala? Mukudziwa kumene kuli amuna anu, inu n'kumakhoma ngati kuli chikondwerero?"

"Kumene ali sindikudziwa. Ngati inu mukudziwa, ndiuzeni ndikawapatsire bulangete."

"Pakamwa pamenepo padzakupwetekani."

"Khadi la chipani ndili nalo, mayi. Kovina ndimapita. Lata ili ndi loyera, litembenuzeni muone, palibe chojambulidwa. Lamulo loletsa mkazi kugwira hamala ngati latuluka, mundiwerengere."

Analitembenuzadi latalo, mbali zonse ziwiri, n'kulibweza. Atangotembenuka ndinamenya njanji ndi hamala, popanda chokhoma chilichonse, mpaka anakhota pa mtengo wa mango.

Aphunzitsi anabwera Loweruka, kudzeranso m'mapesi. Anamanga mabawuti anayi aja, onse analowa osakakamiza. Anagwedeza bwato, injini sinasunthe. Anati adzaliyesa Lachitatu padamu la kumunsi kwa sukulu, ndipo anaonjeza kuti ndi za ana asukulu okha.

Lachitatu ndinavala diresi la kutchalitchi n'kupita. Ndinaima kumbuyo kwa anawo. Aphunzitsi atandiona anagwetsa machesi. Anathira madzi m'kathanki, anayatsa sipiliti, tonse n'kudikira. Kwa nthawi ndithu panalibe kanthu. Kenaka kainjini kanatsokomola, kanalavula madzi, n'kuyamba kugunda mofulumira. Bwato linachoka pagombe likupendekera kumanzere, linazungulira kawiri pakati pa damu, n'kukakodwa m'mabango. Ana anakuwa mpaka ng'ombe zimene zinkamwa tsidya linalo zinathawa.

Atalivuula, aphunzitsi aakulu a sukuluyo analitembenuza n'kugwira mkati. Mtengo unali wozizira, wosapserera.

"Chitsulo chapansichi wapanga ndani?"

"Mmisiri wina wa konkuno," anatero aphunzitsi a sayansi, maso ali pansi.

"Ndine," ndinatero mokweza. "Mkazi wa okhoma zidebe aja anatengedwa."

Aphunzitsi aakulu anatsokomola n'kuuza ana kuti abwerere m'kalasi. Palibe anandithokoza, ndipo palibe anandithamangitsa. Ndinabwerera kwathu kudzera pakati pa msika.

Sabata yotsatira mayi wina wa ku Bowe anabwera ndi ketulo yodontha. Sanakhale pansi, koma anaisiya.

Amuna anga anawatulutsa patadutsa madzinja awiri, ataonda. Bwato lija sanalione, chifukwa aphunzitsi aja anali atawasamutsa ndipo anapita nalo. Ndinawajambulira kampandoko pansi ndi kamtengo, kuwaonetsa popinda ndi poboola. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali.

"Timilomo iti mukanatipindira kunja," anatero.

"Inu kunalibe, bambo."

Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ndinathamangira m'nyumba kukawatungira madzi.