Ekizozi Yachete ya ku Biwi

Ku Biwi kuli abambo ena achikulire owotcherera ekizozi. Galimoto ikafika, sathamangira zitsulo. Amayamba aizungulira kawiri, manja ali kumbuyo, kenako n'kufunsa mwini wake kumene amakhala ndi zimene amanyamula. Amakonda kunena kuti khutu lawo limagwira ntchito kuposa moto wowotcherera.

Mackson wa ku Chinsapo atagula pikapu, anafika kwa iwo ndi chithunzi m'foni: mapaipi awiri onyezimira, obangula ngati mabingu.

"Ndikufuna yomveka, abambo, anthu azidziwa kuti ndafika."

"M'dera lanu mapikapu alimo angati?" anafunsa abambowo.

"Yanga yokha."

"Ndiye kumbuyoku kuzikwera anthu, osati matumba okha. Mukufuna azipuma utsi?"

Anamuikira yachete, paipi imodzi yokhotera kumbali, yokwezeka kuti isamagunde m'maenje. Mackson anachoka akung'ung'udza kuti mkuluyu ndi wachikale.

Patatha miyezi isanu, mayi ake a Mackson anamwalira. Pikapu yomweyo ndi imene inanyamula bokosi, amayi a mvano atakhala molizungulira. Msuweni wake akuyendetsa pang'onopang'ono kulowera kumanda, Mackson ali pambali pake anamva nyimbo imene malemuwo ankaikonda, liwu lililonse, popanda ngakhale mmodzi wotsokomola.

Maliro atatha Mackson anabwerera ku Biwi kukathokoza. Abambowo, amene anali atamva kale za zovutazo, anasuzumira pansi pa galimoto n'kudzuka.

"Anaimba bwino?"

"Anaimba, abambo. Ndinamva zonse."