Kakhadi Kochokera kwa Mlongo Wanga

Nkhani iyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga amene ndakalamba naye kuno ku Chigumula.

Ndili mnyamata, ndikugwira ntchito yosamalira maluwa ku Sunnyside, ndinalandira kalata yochokera kwathu ku Milanje, kutsidya kwa malire. Kuwerenga sindinkadziwa, koma anzanga apantchito ndinali nditawanamiza kuti ndinapita kusukulu. Pochita manyazi, kalatayo ndinaiika pansi pa zovala m'sutikesi. Za imfa ya amayi ndinamva kwa anthu patapita miyezi, ndipo ndinkadandaula kuti abale sanandiuze. Nditalowa sukulu ya kwacha, imvi zitayamba kale, ndinaitulutsa kalata ija n'kuiwerenga chilembo chimodzichimodzi. Analemba ndi mlongo wanga, kuti amayi adwalika ndipo akundiitana. Chiwerengereni kalatayo, ku Milanje sindinapondeko.

Chaka chatha mayi wina wogulitsa nandolo, amene amadutsa pachipata cha m'malire cha Muloza, anandibweretsera kakhadi ka m'kamera kokulungidwa m'pepala. Anati mlongo wanga wafooka, ndipo anapempha wojambula wa kutchalitchi kwawo kuti amujambule akulankhula nane.

M'foni yanga kakhadiko sikakanalowa. Ndili ndi kompyuta yakale imene abwana anga akuntchito anandisiyira popita kwawo, chibokosi cholira ngati chigayo. Ndinapita ku Limbe, m'sitolo ya mmwenye wina, n'kugula kachipangizo kowerengera makhadi. Kunyumba ndinakalowetsa pabowo la kutsogolo. Kompyuta inalemba m'Chingerezi kuti chinthucho sikuchizindikira. Ndinazula, ndinauzira mpweya, ndinalowetsanso, koma mawu anali omwewo. Ndinkaopa kuti mlongo wanga amwalira ndisanamumve. Komanso, ndinene zoona, kompyuta ikakana mtima unkakhala pansi, chifukwa ndinkaopa kumva akundifunsa za kalata ija.

Ndinabwerera ku Limbe kukanena kuti andigulitsa chakufa. Mwini sitolo anakayesa pakompyuta yake, kanyali kobiriwira n'kuyaka nthawi yomweyo.

“Madala, tingotsegula pompano muone?”

Ndinamugwira dzanja mwamphamvu mpaka anadabwa.

“Ah, muli zithunzi za chibwenzi eti? Amayi kunyumba akudziwa?”

Anaseka yekha. Kenaka anandifotokozera kuti makompyuta akale mabowo akutsogolo amafooka, ndikalowetse kumbuyo, ndithimitse n'kuyatsanso. Anati zikakanika ndibwere nacho chibokosicho.

Mu minibasi ndinakafumbata kachipangizoko njira yonse. Nditafika, kumbuyo kuja sindinakhudzeko. Masiku anayi ndinkakhala patebulo, n'kumalowetsa pabowo lomwe lija la kutsogolo, ndikudziwa bwino kuti likana. Njinga ikaima pakhomo, ndinkathamangira pazenera, poganiza kuti ndi uthenga wa maliro. Mkazi wanga akafunsa, ndinkangoti makinawa akukanabe.

Tsiku lachinayi madzulo, akupeta mphale pakhonde, mkazi wanga anandiyang'ana n'kunena kuti:

“Bambo, alamu anga sadikira kompyuta yanuyo. Ngati yakanika, kwerani basi.”

Ndinalowa kuchipinda n'kutsegula sutikesi. Kalata ija inali pomwe ndinaiika, itayamba kung'ambika m'mopindika. Ndinaona kuti ndayambanso zomwe zija, koma tsopano ndilibe chonamizira, chifukwa njira anandiuza.

M'mawa mwake ndinakoka tebulo kulichotsa kukhoma. Kumbuyo kunali fumbi ndi maukonde a akangaude, ndipo ndinapukuta ndi mpango wanga. Kachipangizo kaja ndinakalowetsa pabowo la kumbuyo. Ndinathimitsa, ndinayatsa, ndinadikira chigayo chija chilire. Kanyali kobiriwira kanayaka. Panatuluka kachithunzi ka mayi wokalamba atakhala pamphasa, nkhope ngati ya amayi. Ndinaitana mkazi wanga kuti adzakhale pafupi nane, ndinaika kalata ija patebulo pamaso pake, ndipo ndinadina pakachithunzi kaja.